Nkhungu ya pa Chowe

Tinatsika minibasi pa Chowe tambala atangotopa.
Kondakitala anayang'ana nsapato zathu, anayang'ana kumwamba:
"Kuphiri? Lero? Munaiwalako chiyani?"

Jafali patsogolo,
jekete yake ya ku Joni ikuchita phokoso ngati jumbo yatsopano,
ine mlongo wake pambuyo, ndi botolo la thobwa
ndi mawondo a munthu amene waima pa kauntala ya famase
zaka zisanu ndi zinayi.

"Pamwamba paja muona zonse, achemwali:
Malombe, mlatho, nsanja ya wotchi ku boma,
ndi puloti yanga kuseri kwa Mpondasi
pomwe njerwa zikundidikira."

Njira inayamba mwaulemu, m'mbali mwa chinangwa cha eni ake,
kenako inaimirira.
Dothi lofiira linakakamira kuphazi ngati ngongole.
Tinapatukira mnyamata wa makala
akutsika ndi matumba atatu panjinga,
buleki yake ili chidendene cha patapata,
mano ali gwa, wopanda nthawi ya moni.

Masuku anali atagwa okha usiku.
Tinkatola, kufinya, kuyamwa, kulavula nthanga,
ndipo nyani wamkulu pamwala
ankatiwerengera lililonse.
Kumtunda kwake, zitsa.
Zitsa za mombo, zitsa za muwanga,
uvuni wozizira ukununkhabe utsi wa sabata yatha.

Nkhungu sinabwere ngati mvula, ya ziphaliwali ndi matama.
Inangotipeza.
Inayamba yameza chigwa, n'kumeza mtengo wachitatu,
wachiwiri,
kenako msana wa mchimwene wanga.
Ndinatsala ndi phokoso la jekete lokha
ndi mtima wanga ukusinja m'makutu.
Timadontho tinamera pansidze,
kangaude anayanika mikanda paudzu uliwonse.
Mbalame ina inafunsa funso limodzimodzi kasanu,
palibe anaiyankha.

Tinakwera ndi manja.
Ndere pamiyala zinali zoterera ngati therere.
Ndinatukwana kamodzi, Jafali anaseka,
kuseka koyamba chibwerereni mwezi wathawu.

Ndiye pamwamba.
Mwala wathyathyathya, mphepo, ndi kuyera kokhakokha,
ngati wina wayala nsalu ya maliro pa Mangochi yense.
Malombe kulibe. Mlatho kulibe.
Ngakhale foni inataya netiweki n'kukhala chete.

Analoza ndithu, chala chili njenjenje.
"Apo," anatero. "Cha apo."
Dzanja linatsika lokha.

Tinagawana thobwa, msana ndi msana,
ndipo poti sindinkamuona nkhope, anayankhula.
Puloti kulibe, achemwali.
Njerwa kulibe.
Shopu ya bwana anaiotcha usiku umodzi,
ndinagona miyezi itatu m'chipinda cha anthu makumi anayi,
ndinabwera pa basi ya obwezedwa.
Jeketeyi ndi ya Twaliki, amene sanabwere.

Ndinafuna mawu a mlongo wamkulu,
aja okhala ndi mwambi kumapeto.
Ndinapeza suku limodzi m'thumba, lophwanyika.
Ndinamupatsira paphewa, osacheuka.
Ndinamumva akuyamwa, nthawi yaitali,
kuposa mmene suku limafunira.

Kutali pansi pathu, mosadziwika mbali,
mwazini anaitana swala ya masana,
mawu akukwera m'nkhungu opanda mzikiti,
opanda mudzi, opanda njira yobwererera.
Jafali anasamba ndi madzi a m'phako la mwala,
n'kundifunsa kuti kibula ndi kuti.
Ine wa mapiritsi, ndingadziwe bwanji?
Ndinaloza kumene kunkachokera mphepo.

Potsika mawondo anayamba milandu yawo.
Nkhungu inang'ambika pang'ono pokha,
kabowo kokwana chikhatho:
munda wa munthu wina, chimanga chofika m'bondo,
mayi wa mpango wachikasu akupalira,
wosadziwa kuti akuonedwa.
Kenako inatsekanso.

"Amayi mukawauza ndinu?" anafunsa pa zitsa paja.
"Ukawauza wekha. Ine ndikakhala pakhomo."

Kumsewu foni inadzuka m'thumba, kunjenjemera kanayi.
Kondakitala yemwe uja, ulendo wake wachitatu:
"Mwaonako chiyani?"
Jafali anapala matope a nsapato patayala.
"Mitambo," anatero. "Tiwiri, pa boma."