Tebulo la Pansi pa Thanthwe

Timatsika kusanache, ine ndi Liberata,
masitepe oterera olowa m'mimba mwa Valletta,
kumene masana timawadziwira pa wotchi.

Nyanja yonse ili pa tebulo.
Sisili ali apa, pafupi ndi chigongono changa.
Malta wathu ndi kadontho
koti batani la malaya lingakaphimbe.
Anandipatsa ndodo yaitali ndi timatabwa ta manambala.
Mawu akalowa m'khutu kudzera pa waya,
ine ndimakankha.

Ndege makumi anayi kuchokera kumpoto.
Ndakankha kofiira.
Zathu zanyamuka ku Ta' Qali, zinayi.
Zinayi basi.
Mkulu wa asilikali pakhonde la pamwamba
akutafuna pensulo, maso ali pa dzanja langa,
ngati kuti ndine ndazichepetsa.
Kenaka denga limatsokomola fumbi,
limagwera m'tiyi, m'tsitsi, pa nyanja yathu ya penti,
ndipo timadziwa kuti doko lalandira gawo lake la m'mawa.

Mlongo wanga Grezzju ali ku Luqa ndi wilibala.
Dzenje limene wakwirira m'mawa
masana amabwera kudzalikumbanso.
Akuti nkhondo sanaione,
waona fosholo ndi matuza.
Iye pa tebulo pano palibe.
Okwirira maenje alibe kathabwa.

Wistin anali nako.
Nambala seveni, kobiriwira, kobenthuka pangodya.
Kasitima kawo kamatuluka tambala asanalire
kukasesa mabomba oyandama pakamwa pa doko
kuti sitima za ufa, zikadzabwera,
ngati zidzabwere,
zidzapeze njira.
Ndinkakakankha pang'onopang'ono kameneko,
Liberata n'kumandiseka ndi diso.

Lachinayi, itangokwana koloko ya khumi,
mawu a m'khutu anati: chotsani seveni.
Ndinati, bwerezani.
Anabwereza, osakweza, osatsitsa,
munthu yemwe mwina anali asanadye.
Ndinakakoka ndi ndodo mpaka m'mphepete,
ndinakatola.
Sikalemera kanthu.
Ndinakaponya m'bokosi momwe muli tinzake,
poti kumpoto kunali kutatuluka kale zina makumi atatu
ndipo dzanja langa linkafunika.

Madzulo kalaliki analemba za tsikulo:
kuukira kasanu, maenje a ku Luqa akwiriridwa,
kasitima kamodzi katayika.
Mizere itatu. Anapukuta cholembera.

Ndinalumbira pa Baibulo chaka chatha
kuti za pansi pano zimatsala pansi pano.
Ndiye usiku, m'phanga lothawiramo la ku Birgu,
mayi ake a Wistin, a Ċensa,
anandisunthira malo pa bulangete,
nandinyemera buledi wawo wa tsiku lonse,
kachidutswa kosakwana chikhatho.
Anati, iwe umakhala ndi akuluakulu,
wamva kuti afika liti?
Masokosi ake ndamaliza, latsala chala chimodzi.

Kandulo inkanjenjemera m'chitini.
Kwinakwake mwana ankalirira mbuzi yawo
imene inatengedwa kukaphikira anthu onse.
Ndinati, sindinamve kanthu, mayi.
Ndipo ndinadya buledi uja.
Ndinatafuna, ndinameza,
iwo akundiyang'ana mokondwa kuti ndikudya.

Kalata ya boma imatenga masiku atatu.
Masiku atatu ndinagona pambali pawo,
ndikumva singano zikugundana mumdima.

M'mawa uno tatsikanso.
Wina wasesa fumbi pa nyanja,
wasongola mapensulo.
M'bokosi ndapeza seveni atamupaka penti yatsopano,
ngodya ija ikadali yobenthuka.
Akuti kwabwera kasitima kena kuchokera ku Alexandria,
anyamata ena, mayina sindinafunse.
Mawu alowa m'khutu.
Ndakaika pakamwa pa doko,
ndagwira ndodo.