Mtunda wa pa Thabwa

Msonkhano unayamba mochedwa mu holo ya pa Bangula,
mafani atatu akutakasa mpweya womwewo wotentha.
Ine sanandiitane. Ndinangobweretsa adokotala,
n'kukhala panja, pansi pa zenera, makiyi m'thumba,
ndikutafuna masawu ouma.

Bambo wa tayi anatambasula chipepala.
Apa, anatero, pamene mbuzi zikubudula minga,
pamangidwe chipatala cha nthenda imodzi,
cha khansa yokha, makina ochokera kutsidya kwa nyanja,
akatswiri odziwa pobisala chotupa
monga msodzi wa ku Chiromo adziwira pogona mlamba.
Anthu anawomba m'manja.

Kenako anaimirira Sisitala Fatineti,
nsapato zake zitadyekera mbali imodzi
ndi zaka makumi awiri za m'wodi.
Usiku wathawu, anati, ndinali ndi khanda la malungo,
mlimi amene ng'ona inamusiya ntchafu ili lende,
mayi wotaya magazi,
mnyamata wogwa pa thirakitala ya nzimbe.
Ndani mwa amenewa akanagogoda pa chitseko chanucho?
Matenda kuno safola pa mzere.
Amabwera ngati Ruo mu Januwale,
mitengo, nkhuku, madenga, zonse pamodzi.
Anthu anawombanso m'manja, manja omwe aja.

Ine ndimadziwa chinthu chimodzi: msewu.
Kuchokera pano kukafika ku Gulupu
dzenje lililonse ndinalipatsa dzina.
Ndikuidziwa khona ya pa Thabwa
pamene injini imatsokomola
ndipo kumbuyo kumangoti zii.
Zii alipo muwiri.
Wina ndi wa munthu amene wapeza tulo.
Winayo amatsatana ndi chala cha namwino pa galasi:
a Zuze, musathamangenso.
Kasanu ndi kawiri ndatembenukira pamenepo
n'kuzimitsa nyali ya padenga.

Mmodzi anali mtsikana wa ku Makhanga,
anawoloka pa bwato, mwana atapingasa m'mimba.
Sanasowe katswiri wa kunja ameneyo.
Anasowa mpeni woyera, botolo limodzi la magazi
ndi magetsi osathima.
Tsono mtima wanga unaima kumbuyo kwa Sisitala.

Koma kunyumba kuli Chanaze.

Kanayi anapita ku chipatala cha zonse,
kanayi anabwerako ndi panado m'kapepala
ndi mawu oti zitha zokha, mayi, ndi kukula kumeneko.
Thonje linadzalidwa, linatoledwa, linagulitsidwa
asanapezeke wodziwa kuyang'ana.
Titafika ku Blantyre anati mwachedwa nayo,
ngati tinkaisunga dala m'nkhokwe
pamodzi ndi mapira.
Lero chitenje chimamuzungulira kawiri.
Usiku amandifunsa ngati ndadya,
iye atangonyambita phala.
Bambo wa tayi uja akanabwera zaka zitatu zapitazo
ndi makina akewo...
Sindimaliza. Ndimatuluka kukayang'ana matayala.

M'kati muja mawu anakwera.
Wina anati ndalama n'za chinthu chimodzi,
eni ake safuna kumva za mabandeji.
Wina anafunsa kuti ndi katswiri uti
angapirire Okutobala wa kuno,
pamene phula limamata ku nsapato
ndipo khwangwala amauluka kukamwa kuli yasa.
Wina anati tiyambe ndi denga la wodi ya ana, likudontha.
Anamuuza kuti zimenezo sizili pa pepala.

Ndinafuna kusuzumira pa zenera n'kunena:
thupi la munthu ndi limodzi, mabwana,
koma limafa m'njira zambiri,
ndipo zonsezo zimakwera galimoto yanga.
Sindinanene. Ndinalavula njere.

Anagwirizana zokumananso mwezi wamawa.
Mabotolo anatsegulidwa.

Foni inalira: ku Sorjini, mayi wapakati, wayamba kukomoka.
Ndinadutsa pa malo aja, mbuzi zili chibudulire.
Muvi wa mafuta unali utagona pansi pa theka.
Dzuwa linali pamutu,
ndipo Thabwa anali pomwe amakhala masiku onse.