Mizere ya Pansi pa Laimu

Basi ya ku Namwera inafa giya pafupi ndi mlatho,
ndiye ndinasungitsa thumba la zida kwa wogulitsa zigege
n'kutsata chikwangwani chopendekeka
kuseri kwa tchalitchi, kupitirira mjigo wouma.

Kachipinda kamodzi basi. Fani yosazungulira.
Abiti Mkwanda analemba dzina langa m'kope la masamu,
ine wachitatu mwezi uno,
nati, osagwira chonde, maso okha akwana.

Ndinkayembekeza utoto. Ndinapeza katondo.
Anthu opanda khungu, opanda zovala zamaluwa,
mizere yokhayokha yofiirira
ngati tiyi wotayikira pansalu.

Kumanzere kuli zithunzi zojambula ndi kamera,
zopiringizika m'ngodya, zodyedwa ndi chinyezi.
Akuti wansembe wina anabwera nazo m'sutikesi
kuchokera kwawo kutsidya la nyanja zamchere,
makoma a zaka mazana asanu ndi awiri
atasendedwa kuti zapansi zioneke.
Kavalo wa miyendo isanu,
mwini wake asanasankhe woti adule.
Woyera mtima wa mitu iwiri,
wina woyang'ana kumwamba, wina kukhomo
ngati wamva kuti kwabwera wangongole.

Ndinaseka ndekha.
Kodi nawonso ankaphonya?

Kumanja ndi zathu zomwe.
Madzi atalowa m'tchalitchi chakale chaka chija,
chithunzi chapamwamba chinasupuka ngati khungu la mbatata yophika
ndipo pansi pake panatulukira Bulaimu Kalonjele,
mnyamata wosakaniza laimu,
amene sanabatizidwe, amene sanalembedwe paliponse.
Ndiye ankayamba ndi katondo khoma likadali laiwisi,
bambo mfumu n'kubwera m'mawa kudzaphimba ndi mitundu.

Dzanja la mngelo analijambula katatu.
Loyamba likuloza. Lachiwiri likuletsa.
Lachitatu langotambasuka
monga timachitira polandira chenje.

Nkhope ya mayi uja wanyamula khanda
pamwamba inali yoyera, mphuno ngati singano.
Pansi pano masaya ndi odzaza,
mphini ziwiri m'mbali mwa diso,
ndi kadontho pamphuno, chipini chenicheni.
Mayi anga aang'ono amenewo, anatero Abiti Mkwanda
osadzutsa mutu pa juzi imene ankaluka.
Zaka makumi asanu anthu akuwagwadira osadziwa,
iwo akugulitsa thobwa panja pa geti.

M'ngodya, pansi pa phazi la mtumwi,
pali masamu: matumba anayi, kuchotsa limodzi,
ndi liwu lakuti shuga, lodulidwa mzere.

Ine ndine mmisiri womanga.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri ntchito yanga ndi kukwirira.
Ku Malindi, ku Chimwala, kwa Makawa
kuli makoma osalala amene eni ake amanyadira,
osadziwa kuti m'kati muli makala anga:
windo limene ndinasuntha bwana atasintha maganizo,
nambala ya foni ya mkazi amene sindinamuimbire,
dzina limene ndinakonzera mwana
azakhali ake asanamutche lina.
Ndinkati pulasitala ndi manda.
Levulo ikavomera, nkhani yatha.

Koma taonani dzanja lachiwiri lija,
lokanidwa, losafunidwa ndi aliyense,
lakhala mumdima nthawi yonseyi
zala zake zili chitambasukire.

Hutala inalira kumsewu, kawiri, mwaukali.
Ndinaponya ndalama m'chitini cha mkaka,
Abiti Mkwanda nati, lembani ndemanga.
Ndinalemba kuti zokongola, n'kufufuta.
Ndinalemba kuti zomvetsa chisoni, n'kufufutanso.
Iwo anasuzumira, nati,
zisiyeni choncho, zikuwerengeka.

Pokwera phiri basi inkabuula,
konkire wa dzulo akadali m'zikhadabo zanga,
ndipo nyumba iliyonse yopakidwa bwino m'mbali mwa msewu
ndinkaiyang'ana nthawi yaitali
kuposa mmene ulemu umalolera.