Wosunga Buku

Ku Gulf Complex, pansi pa masitepe
pomwe jenereta imatsokomola magetsi akathawa,
Ruvarashe watula laputopu patebulo langa
ngati mwana wotentha thupi.
Imathima, akutero, ndikamajambula pulani ya nyumba.
Sikirini bii. Ndiwerenge kamodzi, kawiri,
yadzuka ngati sinalakwe,
koma pulani yanga yapita.

Ndikutsegula kaundula wa makinawa,
timizere toyera pamdima,
ndipo ndikupezamo amayi anga.

Bambo ankalemba zikwangwani ku Mbare:
mabucha, masaluni, mavesi akumbuyo kwa makombi.
Dzanja linali mphezi, koma mutu
sunkasunga kuti bolodi ili n'la yani.
Kushedi kwawo sikunkafika kasitomala.
Unkaima pakhonde n'kuuza amayi,
iwo n'kulemba m'buku lachikuto chofiira
dzina, kukula kwa bolodi, zitini za penti zingati.

Kenelo imagwira ntchito yomweyo.
Mkati umu muli mmisiri wa zithunzi mmodzi,
wochepa kuposa bokosi la machesi,
wa manja zikwi,
ndipo pulogalamu iliyonse ikumufuna pompano:
ya mafilimu, ya mapulani,
ya intaneti imene sutseka mawindo ake.
Zonse zimayamba zaima pakhonde.

Kenelo imagawa memole ngati mabolodi.
Ili lako, ilo la mnzako, usasuzumire.
Malo akachepa imanyamula bolodi logona
kukaliimika chipinda china, mwini wake osadziwa.
Ntchito imaziika pamzere,
ndipo pabolodi losauma imamanga kachingwe:
asakhudze munthu
mpaka mmisiri atanena kuti ndatha.
Kenako, ka sikisite pa sekondi imodzi,
panthawi yomwe sikirini ikuphethira,
imatsitsa chithunzi chakale n'kupachika chatsopano
kuti diso lisaone nkhope yong'ambika pakati.

Tsiku lina bambo anakakamira pa chilembo chimodzi,
S wa saluni ya Mai Chivasa.
Kufufuta, kubwereza, kufufuta,
dzuwa mpaka kupendeka.
Pakhonde anthu ayamba kung'ung'udza.
Amayi anayang'ana wotchi, analowa kushedi,
anawalanda burashi,
anawapatsa beseni la madzi ozizira,
bolodi lija n'kulitulutsa panja.
Mai Chivasa anakalipa mpaka kubwalo la Rufaro kunamveka.
Ena asanu ndi mmodzi anapita kwawo ndi zikwangwani zawo.

Ndi zimenezotu, Ruvarashe.
Fumbi la Okutobala latseka fani,
mmisiri wako watenthedwa,
wakakamira padenga la nyumba yakoyo.
Kenelo yadikira, yawerenga masekondi ake,
yamudzutsa,
yataya ntchito imodzi kuti zinazo zipulumuke.
Mdima ujawu ndi beseni la madzi.

Akundiyang'ana. Ndiye ndi zingati?
Madola eyiti. Ndipukuta fani, ndipaka phala loziziritsa.
Akuti faifi.
Tikukumana pa sikisi, palibe amene wakondwa.

Madzulo kombi ya ku Mufakose yadzera ku Mbare.
Chikwangwani chimodzi cha bambo chikadalipo,
nkhuku yasuluka, mtengo wake unafufutidwa kalekale,
koma pakona pakuwerengekabe: E. Chimwaza.
Pa zikwangwani zonse zija
palibe chinalembedwa Nachisale.

Ndawapeza akusenda nandolo, maso achita ng'ala.
Amayi, buku lofiira lija lili kuti?
Akuganiza kaye.
Tinayatsira mbaula chaka chosowa parafini chija.
Unkalifunira chiyani?
Ndisanayankhe akupisa m'thumba la epuloni.
Taona foni yangayi,
zithunzi za ana a mlongo wako zikumachedwa kutuluka.