Dontho Lomaliza

Ku Valdivia mvula siodira pakhomo.
Imangolowa, m'nsapato, m'chikwama, m'kope la zotsatira,
ndipo Lachiwiri lililonse ndimafika mu labotale
madzi akuchucha m'tsitsi.

Bambo Eleodoro, amene ayamba kutsuka magalasi a chipinda chino
ine ndisanabadwe,
amandibwereka chovala choyera cha munthu wina.
Pamkono pali kabowo pomwe asidi anadya chaka china.
Dzina la pakolala linafufutika.

Ntchito ya lero ndi yodikira.
M'botolo la khosi lowonda muli madzi ooneka ngati madzi basi,
pamwamba pake chubu chachitali cha mizeremizere
ndi kampopi kochepa kuposa chala cha khanda.
Tsegula pang'ono. Dontho. Zunguza. Dontho.
Utoto wa pinki umabwera n'kuthawa
ngati munthu wosuzumira pazenera la eni.
Akuti uime pamene wakhazikika, wofooka, wamanyazi,
usanayambe kukuwa.

Ine wandikuwira katatu konse.
Dzanja langa linaleredwa ndi mpeni wa kumsika,
silidziwa kuchita pang'ono.
Millaray, mnzanga wa patebulo, sanaseke,
anangolemba nambala yake n'kuiphimba ndi chigongono.
Bambo Eleodoro ananyamula botolo langa, naliyang'ana pakuwala:
"Yasna, utoto uwu ndi wa diresi
limene mlongo wanga anavala pa ukwati wake.
Ukwatiwo sunakhalitse. Yambanso."

Usiku ndi wa njira imene shuga amayenda m'thupi,
zipata khumi, chilichonse ndi mlonda wake
wa dzina lotalika ngati njanji.
Ndawamata pakhoma la bafa,
pachitseko cha firiji ya m'nyumba ya lendi.
Ndimawaloweza m'basi milomo ikugwedera,
mpaka tsiku lina mayi wina anandiyesa wopemphera
nandisiyira mpando.

Loweruka ndimabwerera ku benchi la amayi, m'mbali mwa mtsinje,
kumene mikango ya m'madzi imabuula kuseri kwa waya
kudikira mitu ya nsomba.
Amayi anaduladula nsomba yaiwisi, anyezi, mchere,
nafinyira mandimu.
Mnofu wonga galasi unayamba kuyera, moto palibe.

Ndinati, "Amayi, uku si kupsa ayi.
Ndi mapuloteni. Anali opindidwa bwinobwino
ngati zovala m'sutikesi,
asidi wa ndimu wawamasula, apiringizana."
Anapukuta manja pa epuloni.
"Ndiye ndakhala ndikuchita zimenezo zaka makumi atatu
wopanda chovala choyera?"
"Inde."
"Ndipo iwe ukulipira kuti akuuze?"

Kasitomala anaseka, ine ndinawerenga chenji.
Koma diso langa linatsala pa chala chawo chachikulu.
Theka lomaliza la ndimu sanalifinye lonse.
Dontho. Analawa. Anayang'ana kumtsinje ngati akumvera wina.
Dontho lina, laling'ono,
n'kuponya ndimuyo m'ndowa madzi akadalimo.

Lachiwiri linabwera ndi mvula yake.
Ndinagwira kampopi kaja ngati theka la ndimu,
ndinasiya kupuma.
Dontho linakula pansonga, linazengereza,
ndinalikhudzitsa pakhosi la botolo, theka lake lokha,
ndinazunguza.
Pinki anabwera, sanathawe.
Anali ngati chikhadabo cha mwana wobadwa dzulo.
Ndinawerama kuti diso lifanane ndi mzere:
23.45.
Millaray anachotsa chigongono pakope lake.

Bambo Eleodoro anayang'ana nthawi yaitali,
za mlongo wawo sanatchule.
Anangotenga botolo kupita nalo ku sinki.
Ndinafuna kuwauza kuti alisiye kaye,
amayi sanalione,
koma utotowo unali utayamba kale kuzimirira.
Mpweya wa m'chipinda umaudya, akutero mabuku,
womwewu umene tonse, anthu makumi awiri ndi anayi,
tinali kutulutsa m'mphuno.