Limu ya Njinga

Mphete yanga yoyamba inali limu ya njinga ya malume,
imene lole inapinda pa msika wa Kapata.
Ine ndi Gezani tinaizula masipoko
n'kuikhomera pa mtengo wa mango ku Mchini,
yopendekera ngati chipewa cha chidakwa.
Mpira unali wamiyendo, wakuphwa kale.
Sunkadunda.
Tinkaudunditsa ndi pakamwa: du, du, du.

Ku sekondale ndinatalika ngati chimanga cha pachulu.
Anati, Yelesani, manja awa adzakudyetsa,
ine n'kukhulupirira.
Bondo linalira thwa! ku Kabwe, masewera atangoyamba kumene.
Ndinabwerera pa basi ya usiku,
mwendo uli pa thumba la kapenta la mayi wina,
ndipo tisanaoloke Luangwa
ndinali nditadziwa kuti kulumpha kwatha.

Kenaka Chadiza, zaka zisanu ndi ziwiri.
M'mawa choko, masana fumbi.
Mizere ya bwalo ndinkalemba ndi phulusa,
mvula n'kufufuta, ine n'kulembanso.
Ana ankandifunsa chifukwa chake
munthu wamkulu amakuwira dengu lopanda matako.

Ku koleji ya aphunzitsi ndinalowera khomo lakuseri,
wonyamula zigubu za madzi za aNjobvu,
wochapa majezi khumi ndi awiri Lamlungu.
Mkuluyo sankalankhulalankhula.
Chaka chonse anandipatsa mawu amodzi okha:
usamayang'ane mpira, uziyang'ana amene alibe mpira.
Atamwalira, akazi awo anandibweretsera wezulo
m'kapepala ka shuga,
mano a mwini wake akuonekabe pa pulasitiki.

Ndaluza kambiri, ndisaname.
Ku Petauke, ku Lundazi, ngakhale pakhomo pano
pamaso pa mkazi wanga.
Chikho tinatenga chimodzi;
chili mu ofesi ya akulu, amasungiramo makiyi.
Chaka china anandichotsa,
bwalo n'kukhala poimika magalimoto a alendo,
ine ndikugulitsa mtedza pa Mwami.
Anandiitananso atsikana atakana kusewera popanda ine.
Zimenezo sindinawathokoze bwino mpaka lero.

Tikhozenji Soko,
amene ndinamukhazika pa benchi temu yonse
chifukwa cha pakamwa,
ndiye akutenga timu mwezi wamawa.
Amajambula masewera pa foni,
amaona zimene ine ndinkangomva m'mafupa.
Dzulo wandiuza kuti chitetezo changa n'chachikale.
Akunena zoona. Zandiwawa ndithu.
Wezulo wa aNjobvu ndinafuna kumupatsa,
koma ali ndi wake, wachitsulo, wochokera ku Lusaka.

Madzulo ano ndapita ku Mchini, pang'onopang'ono,
bondo likuwerenga miyala.
Mango uja anadula, pali shopu ya matokotaimu.
Gezani tinamuika kalekale.
Koma kuseri, pa mtengo wa magetsi,
wina wakhomera limu ina, yopendekeranso,
ndipo kamtsikana kopanda nsapato
kaponya katatu, kaphonya katatu.

Ndinadziuza kuti ndingodutsa.
Ndapuma ntchito, kalata ili m'thumba.

Chigongono mkati, iwe!

Pakamwa pandithawa.
Kanditembenukira, kandiyeza kuyambira imvi mpaka ndodo,
kenaka kandiponyera mpira pachifuwa,
wakuphwa, wofunda,
n'kuti: tiwonetseni, agogo.