Rima

Chivomezi chitadutsa ku Norcia,
khoma la kukhitchini kwa mayi Ermelinda
linang'aluka kuchokera kudenga mpaka kuseri kwa firiji.

Tullio, mmisiri, wafika ndi ndowa ya simenti.
Mayiwo, amene anaphunzitsa Chilatini zaka makumi atatu
kwa ana osinza,
alowetsa chala mumng'alumo
nati, "Rima."

Tullio ayesa akunena za ndakatulo,
poti m'Chitaliyana liwulo ndi mizere yothera mofanana.

"Ayi, ilo ndi lina, anangofanana nkhope.
Aroma ankatero poona mng'alu m'chombo, m'chitseko.
Muzu wake akuti ndi kukanda, kung'amba,
ngakhale akatswiri amakanganabe.
Pa rima panaphuka rimari:
kufufuza, monga nkhumba ifukula nthaka ndi mphuno.
Madokotala anapatsa dzina lomweli
kampata ka pakhosi pakopo, kotulukira mawu.
Ngakhale ngalande za pamwezi..."

Tullio wayang'ana wotchi. Simenti ikuuma.

"Mata," atero mayiwo.
"Koma usiye pamwambapo,
polowera kadzuwa ka m'mawa.
Chimwalirireni Quirino wanga,
ndi mlendo yekhayo
amene amalowa muno osaodira."